Nyota zobwereka: chimene chimayambanitsa ozimitsa moto pa nkhani yogwirizira udindo

Alamu anga anafika kwathu ku Kaunda Square madzulo a Lachitatu lina, atatsika basi ku Intercity, kachikwama kali kumsana. Iwowa ndi ozimitsa moto, ndipo agwira ntchitoyi zaka zambiri pa khonsolo ina kutali ndi Lusaka, imene sindiitchula dzina. Titatha kudya nsima anatulutsa envulopu ya khaki n'kuikhuthulira patebulo. Munali makalata awiri ndi tinsalu tiwiri ta pamapewa, tija timasonyeza udindo wa munthu, timene ambirife timangoti nyota. Kalata yoyamba inali yowauza kuti agwirizire udindo wa Station Officer. Yachiwiri inalembedwa patapita zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo inali ya mizere itatu yokha: kuwathokoza, kenako kuwauza kuti abwerere pa udindo wawo wakale wa Sub Officer popeza mwini mpando wapezeka.

"Alamu," anatero akusisita tinsaluto ndi chala, "amene abwerawo ndiyenera kuwayendetsa m'tauni monse, kuwaonetsa pamene pali mipopi yathu yotungapo madzi, ndikatero ndiwachitire saluti. Nanga anyamata amene ndinkawadzudzula pa perete aja, ndiwayang'ana bwanji?"

Usiku umenewo ndinalibe chowayankha. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga, ndipo ndaona kuti mkangano wa mtundu uwu ambirife timaumva molakwika. Timauona ngati wa amuna awiri olimbirana mpando. Koma muzu wake uli m'mawu ochepa a m'kalata, ndiponso m'kalata zimene zimayenera kulembedwa koma osalembedwa.

Kwa munthu wa mu ofesi, nkhani ya udindo wogwirizira imathera pa ndalama ndi ulemu. Kwa ozimitsa moto imafika pa moyo. Belu likalira pa siteshoni, anthu angapo amakwera galimoto imodzi, ndipo akafika pamoto mawu otsatidwa amakhala a munthu mmodzi yekha. Iyeyo ndiye amaona kumene mphepo ikulowera n'kusankha poimika galimoto. Ndiye amatsimikiza kuti a ZESCO azimitsa magetsi madzi asanaponyedwe. Ndiye amaloza kuti awiri awa avale mabotolo a mpweya alowe m'nyumba, ndipo ndiye amasunga nthawi, chifukwa botolo limodzi limangokwanira pafupifupi theka la ola munthu akamalimbana ndi utsi. Denga likayamba kuthetheka, ndiye amakuwa kuti tulukani. Amene ali mkatiwo ayenera kumvera nthawi yomweyo, osayamba aganiza kuti kodi bwanayu ndi wokhazikika kapena wongogwirizira.

Taganizani za Lusaka yathuyi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Ambiri tili m'makomboni monga Kanyama, Chawama, Misisi, George ndi Mandevu, kumene nyumba n'zogundana, njira n'zopapatiza, ndipo magetsi akazima aliyense amathamangira kandulo ndi mbaula. Munthu akaimba 993, galimoto yochokera ku siteshoni yaikulu ya pa Church Road iyenera kudzipanikiza pakati pa maminibasi ndi mawilibala, n'kukafika anthu atakwiya kale, ena miyala ili m'manja. Madzi a m'thanki ya galimoto satenga mphindi zambiri kuti athe. Wotsogolera ayenera kudziwiratu kokatunga ena, kukhazika khamu mtima pansi, ndi kusunga anthu ake amoyo, zonsezi nthawi imodzi. Amene tinaona City Market itasanduka phulusa m'mawa wa pa 4 July 2017 tikudziwa kuti moto wa pamsika sudikira munthu. Chaka chomwecho dziko lonse linakangana za magalimoto 42 ozimitsira moto amene boma linagula pa madola 42 miliyoni. Mkangano umenewo unali woyenera. Chimene chimandipweteka n'chakuti za anthu okwera m'magalimotowo, za maudindo awo ndi malipiro awo, sitinazikambepo ndi mphamvu yofanana.

Makwerero ake, ndi amene agwira makiyi

Maudindo a ozimitsa moto kuno tinatengera kwa Angerezi, n'chifukwa chake mayina ake akadali a Chingerezi. Munthu amayamba ngati wozimitsa moto wamba, n'kukwera kukhala Leading Firefighter, kenako Sub Officer, Station Officer, kupitirira mpaka kwa Divisional Officer, ndipo pamwamba penipeni pali Chief Fire Officer ndi wachiwiri wake. Makwerero amenewa amapapatiza msanga. Pansi pali anthu ambiri, pamwamba mipando ndi yowerengeka, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi chiwerengero chovomerezeka cha mipando ya udindo uliwonse. Ngakhale munthu adziwe ntchito chotani, sangakwezedwe pokhapokha mpando utakhala wopanda munthu. Maphunziro nawo amawerengedwa: sukulu ya ozimitsa moto ya dziko lino ili ku Kabwe, ndipo mapepala a kumeneko ndi amene amayang'anidwa pokweza munthu.

Ozimitsa moto a m'matauni athu ndi antchito a makhonsolo. Amavala yunifolomu, amaima pa perete, amachitirana saluti, koma si asilikali ndipo si apolisi. Malipiro awo amadzera ku khonsolo. Apa ndiye pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amene amalipira si amene ali ndi mawu omaliza pa kukweza munthu. M'zaka za m'ma 1990 makhonsolo anapatsidwa mphamvu zolemba ndi kukweza antchito awo okha. Mu 2010 boma linabwezeretsa bungwe la Local Government Service Commission, ndipo Malamulo Aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016 bungweli linalembedwamo, pamodzi ndi lamulo la Service Commissions Act la chaka chomwecho. Bungwe limeneli ndilo lili ndi mphamvu zolemba, kukhazikitsa, kukweza, kusamutsa ndi kulanga antchito a makhonsolo, ngakhale kuti lamulo limalola kuti zina mwa ntchitozi zigawiridwe makomiti oona za antchito a m'makhonsolomo.

Choncho pakati pa munthu amene ali pa siteshoni ndi kalata yomukhazikitsa pali matebulo angapo. Chief Fire Officer amatchula dzina, a ofesi yoona za antchito amasonkhanitsa mapepala, mkulu wa khonsolo (Town Clerk kapena Council Secretary) amasainira, komiti imakhala pansi, ndipo nkhani imapita kwa amene ali ndi mphamvu yomaliza. Moto sudikira matebulo onsewa. Station Officer akapuma pantchito, akamwalira, akapita kusukulu kapena akaimitsidwa, shifiti ya usiku womwewo ikufunabe mtsogoleri. N'chifukwa chake kugwirizira kulipo, ndipo pakokha si chinthu choipa. Popanda iko, ntchito ingaime.

Makalata awiri ofanana nkhope

Mu ntchito za boma ndi za makhonsolo kuno ku Zambia, kugwirizira kuli mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kumabisala m'mawu ochepa a Chingerezi amene munthu wosangalala ndi nyota zatsopano sawaona n'komwe.

Kalata ina imati munthu agwirizire "with a view to confirmation", kapena mawu ena ofanana nawo onena za kukwezedwa. Tanthauzo lake n'lakuti mpandowo ulibe mwini, ndipo akuluakulu akufuna kuona ngati munthuyu angaukwanitse. Nthawi yoyeserera imeneyi kawirikawiri imakhala miyezi 6. Ikatha, bwana wake amayenera kulemba lipoti la mmene wagwirira ntchito, ndipo zinthu zimayenera kugamulidwa: akhazikitsidwe, awonjezeredwe nthawi pa zifukwa zimene wauzidwa, kapena abwerere pa udindo wake wakale. Munthu wa kalata yotere ali ndi chifukwa chomveka choyembekezera.

Kalata inayo imati "for administrative convenience only". M'Chichewa chathu tingati: tagwirani mpandowu kuti ntchito isaime, basi. Mulibe lonjezo lililonse. Mwini mpando akabwera kutchuthi kapena kusukulu, kapena akapezeka wina woti aikidwepo, wogwirizira amatsika popanda mlandu uliwonse ndipo popanda wina kumufotokozera zambiri. Kalata ya alamu anga inali ya mtundu umenewu. Mawuwo anali pa mzere wachiwiri. Iwo anaiwerenga tsiku limene anailandira, anaisunga mu sutikesi, ndipo pa zaka ziwiri zonsezo ankakhulupirira kuti akuyesedwa. Akuluakulu ena ankawalimbitsa mtima pakamwa, amvekere limbikirani, zanu zili m'njira. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Sindikuwaimba mlandu alamu angawo. Kalata yoti ntchito isaime inapangidwira milungu kapena miyezi yochepa. Ikakhala zaka ziwiri, dzina lake ndi zochitika zake zimasiyana. Munthu wakonza ndandanda ya mashifiti zaka ziwiri, wasainira malipoti a moto, wayendera masitolo ndi mafakitale kuona ngati ali ndi zozimitsira moto, waimirira pamaso pa akuluakulu kuyankha chifukwa chimene galimoto inachedwera. Munthu wotero akayamba kudziona ngati mwini mpando, sanapenge. Ntchito yeniyeniyo ndi imene yamuuza choncho tsiku ndi tsiku.

Ndiye pali kugwirizira kwina kumene kulibe kalata n'komwe, ndipo kumeneku ndiko koopsa kuposa konse. Bwana amangoitana munthu mu ofesi n'kunena kuti kuyambira Lolemba muziyang'anira shifiti iyi, kalata ibwera. Munthuyo amavomera chifukwa mu ntchito ya yunifolomu sukana lamulo, komanso chifukwa akuona mwayi. Miyezi imapita, bwana uja amasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwake akatsegula faelo sapezamo chilichonse. Pa pepala munthuyu sanagwirizirepo udindo uliwonse. Alibe poyambira kufunsa alawansi, ndipo tsiku limene zinthu zidzalakwike pamoto, funso loyamba lidzakhala lakuti anakutumani ndani kuti mulamulire.

Za ndalama

Wogwirizira ndi kalata yovomerezeka amayenera kulandira alawansi, imene kawirikawiri imakhala kusiyana kwa malipiro ake enieni ndi malipiro oyambira a udindo umene akugwirizirawo. Mongopereka chitsanzo, ngati pa udindo wake amalandira K6,000 ndipo udindo wa pamwambawo umayambira pa K7,500, alawansi yake ndi K1,500 pamwezi. Poyang'ana ndalama zolowa m'thumba, iye ndi mwini mpando amaoneka ofanana. Koma pa peyisilipi sali ofanana. Malipiro ake enieni amakhalabe a udindo wakale, ndipo zinthu zambiri zimawerengedwa kuchokera pamenepo: alawansi zina zimene zimatsatira malipiro, ndalama za masiku a tchuthi, ndiponso kawirikawiri ndalama zimene munthu amapatsidwa popuma pantchito. Munthu amene wagwirizira mpaka tsiku lopuma osakhazikitsidwa amapita kumudzi ndi udindo wake wakale.

Komanso alawansi imatha tsiku limene kalata yachiwiri yafika. Banja silidziwa kusiyanitsa ndalama ya alawansi ndi ya malipiro, limangodziwa kuti mwezi uno kwabwera zakuti. Achemwali anga anali atasamutsira mwana ku sukulu yolipira, ndipo alamu anali atatenga ngongole yoti amalizitsire nyumba, yodulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi. Nyota zitachoka, ngongole ija inatsala pomwepo. Tikawonjezapo vuto lodziwika la makhonsolo ambiri a m'dziko muno, lochedwa kulipira antchito chifukwa ndalama za misonkho ndi za thumba la Local Government Equalisation Fund sizikwanira, mupeza kuti alawansi ya wogwirizira ndi imodzi mwa ndalama zosavuta kuziika pa mndandanda wa zodzalipira mtsogolo.

Pali funso limene pafupifupi wogwirizira aliyense amafunsa: kodi lamulo silinena kuti miyezi ikakwana ndiye kuti wakhazikika? Funsoli lili ndi pochokera. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limanena kuti munthu wolembedwa kumene ntchito angayesedwe kwa miyezi yosapitirira 3, imene ingawonjezeredwe ndi ina yosapitirira 3, ndipo ngati nthawiyo yatha olemba ntchito osamulembera kalata, munthuyo amatengedwa kuti wakhazikika. Lamulo limeneli limakhudzanso ozimitsa moto, chifukwa amene linawapatula ndi asilikali, apolisi, oyang'anira ndende ndi a zaukazitape. Koma ndime imeneyi ikunena za munthu amene akuyamba ntchito, osati amene ali kale pantchito n'kupatsidwa mpando wa pamwamba kuti agwirizire. Kugwirizira, kutalike chotani, sikusanduka kukwezedwa pakokha. Pamafunika kalata yochokera kwa amene ali ndi mphamvu yokweza. Anthu ambiri ataya nthawi ndi ndalama chifukwa chosakaniza ziwirizi.

Chimene lamulo lomweli limanena momveka n'chakuti ntchito yofanana kulemera kwake iyenera kulipidwa mofanana. Choncho munthu amene wasenza ntchito ya udindo wa pamwamba osalandira kalikonse ali ndi poimira polimba pofunsa ndalama zake kusiyana ndi pofunsa mpandowo.

Amene anadumphidwa nayenso ali ndi bala

Nkhani ikamakambidwa kunyumba, timamva mbali ya wachibale wathu yokha. Koma pa siteshoni iliyonse pamene wina wapatsidwa nyota zogwirizira, pali winanso amene akudzifunsa kuti bwanji osakhala ine. Kawirikawiri amakhala wamkulu pa zaka za ntchito, amene anaphunzitsa mnzakeyo kupinda payipi ndi kukwera makwerero, koma alibe pepala la sukulu limene likufunika masiku ano. Nthawi zina zimatembenuka: wamng'ono ali ndi mapepala onse, koma mpando wapatsidwa kwa wamkulu chifukwa cha zaka. Aliyense wa awiriwa ali ndi mfundo yake yoona. Ntchito yozimitsa moto imafuna munthu amene waona moto wambiri ndi maso ake, ndipo imafunanso munthu wodziwa za makemikolo, za mapulani a nyumba zosanja ndi kalembedwe ka malipoti.

Chimene chimawawitsa n'chakuti kusankha wogwirizira nthawi zambiri sikudutsa m'njira yonse imene kukweza kumadutsamo. Palibe kulengeza mpando, palibe mafunso. Bwana amangoloza munthu, popeza n'zakanthawi. Koma munthu uja akakhalapo chaka, tsiku lodzasankha mwini mpando amakhala ali patsogolo pa anzake onse, chifukwa iye yekha ndi amene anganene kuti ntchitoyi ndaigwirapo. Anzakewo amaona kuti mpikisano unatha usanayambe. Apa ndi pamene manong'onong'o amayambira, akuti ndi wa kwawo kwa bwana, akuti amapemphera limodzi, akuti ali ndi munthu ku likulu. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, mawu otere akalowa mu siteshoni satuluka msanga, chifukwa anthuwa amagona chipinda chimodzi usiku wa shifiti ndipo amadyera mbale imodzi.

Ndipo taonani mmene zimamukhalira wogwirizira mwiniwakeyo. Dzulo anali mnzawo, lero ayenera kulemba dzina la wochedwa m'buku, kukana tchuthi cha wina, kudzudzula amene wabwera akununkha mowa. Akalimba, amamukumbutsa kuti nyotazo n'zobwereka ndipo adzabwerera mumzere. Akafewa, akuluakulu amati sangathe kulamulira anthu. Alamu anga anandiuza za tsiku limene analembera mnzawo wa kalekale kalata ya chenjezo chifukwa chosayang'ana mabotolo a mpweya poyamba shifiti. Anati usiku umenewo sanagone, koma anadziwa kuti botolo losayang'anidwa lingaphe munthu. Lero iwo ndi mnzawo uja akukhala pa benchi imodzi, ndipo moni wawo ndi wa pakamwa chabe. Munthu amene amadziwa kuti zidzatha chonchi amayamba kuopa kudzudzula, ndipo mtsogoleri woopa kudzudzula pa siteshoni sangayembekezere kumveredwa msanga pamoto. Pamenepa ndi pamene nkhani ya m'maofesi imatifikira ife eni nyumba za m'komboni.

N'chifukwa chiyani zimatenga nthawi chotere? Zifukwa zina n'zomveka. Mwini mpando akaimitsidwa pantchito podikira mlandu, mpandowo sungapatsidwe kwa wina mpaka mlandu utatha, ndipo milandu imatenga zaka. Akapita kusukulu ya zaka ziwiri, mpando umamudikira. Nthawi zina wogwirizira alibe pepala lofunika, ndipo akuluakulu amamusunga pamenepo poyembekeza kuti apeza mpata wopita ku Kabwe. Zifukwa zina si zomveka konse: lipoti la miyezi 6 silinalembedwe, faelo yasowa, komiti sinakumane, kapena palibe amene akufuna kunyamula udindo wouza munthu kuti sanakwanitse. Palinso chinthu chimene sichinenedwa poyera. Wogwirizira ndi wosavuta kumulamulira. Sangatsutse bwana pa msonkhano, sangadandaule mokweza za matayala akutha kapena nsapato zong'ambika za anthu ake, chifukwa amadziwa kuti kalata ya mizere itatu ikhoza kulembedwa tsiku lililonse.

Kodandaula

Antchito ena akakwiya amanyanyala ntchito. Ozimitsa moto njira imeneyo alibe. Lamulo la Industrial and Labour Relations Act limaika ntchito yozimitsa moto m'gulu la ntchito zosayenera kuima, limodzi ndi za m'zipatala, za madzi ndi za magetsi, ndipo ogwira ntchito zimenezi saloledwa kuchita sitiraka. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene nyumba yake inapsapo. Koma zikutanthauzanso kuti mkwiyo wawo ulibe potulukira msanga. Umakhala m'mimba, ndipo dziko limene lawaletsa kunyanyala lili ndi ngongole yowamvera mwachangu kuposa ena.

Njira imene ilipo ndi ya makalata. Dandaulo limayambira kwa bwana wa pa siteshoni, kupita kwa Chief Fire Officer, kenako kwa mkulu wa khonsolo, mpaka ku Local Government Service Commission. Mabungwe a antchito, monga Zambia United Local Authorities Workers Union ndi Fire Services Union of Zambia, amathandiza mamembala awo kulemba ndi kulondola nkhani zotere. Ofesi ya Labour Commissioner imayanjanitsa mbali ziwiri, ndipo ofesi ya Public Protector imalandira madandaulo a kusayendetsa bwino zinthu m'maofesi a boma. Zonsezi zikakanika pali khoti. Khoti la nkhani za ntchito, limene kale linali loima palokha, kuyambira mu 2016 ndi nthambi ya High Court yotchedwa Industrial Relations Division. Apa pali msampha umene wagwira ambiri: dandaulo liyenera kufika kukhotiko pasanathe masiku 90 kuchokera pamene njira za mkati zatha. Khoti lingathe kuwonjezera nthawi munthu akapempha ndi zifukwa zomveka, koma amene wakhala chaka akungodikira malonjezo a pakamwa amakhala atadziika pa mpanipani.

Kukhoti kapena ku komiti, chimene chimalankhula ndi pepala. Kalata yogwirizira ndi tsiku lake, mapeyisilipi osonyeza miyezi imene alawansi inabwera ndi imene sinabwere, ndandanda za mashifiti zokhala ndi dzina la munthu pa mpando wa mtsogoleri, malipoti amene anasainira, makalata okumbutsa okhala ndi chidindo chosonyeza kuti analandiridwa. Amene wauzidwa pakamwa kuti agwirizire angachite bwino kulemba kalata yaulemu sabata yomweyo, yonena kuti bwana, monga munandiuzira pa tsiku lakuti, ndayamba kuyang'anira shifiti yakuti, ndipo ndikupempha kalata yake. Si chipongwe. Kalata yotere imateteza iye, imatetezanso bwanayo.

Kwa ine, mlandu waukulu pa nkhaniyi suli kwa wogwirizira, suli kwa wodumphidwa, ndiponso suli kwa amene wabwera kudzakhala pampando. Uli pa chizolowezi cholemba kalata yokhala ndi tsiku loyambira koma yopanda tsiku lothera. Kalata iliyonse yogwirizira ikanamanena momveka kuti ndi ya mtundu uti, itha liti, ndipo ikatha chidzachitike n'chiyani, theka la mikangano imeneyi silikanabadwa. Ngati mpando uli wa kanthawi ndipo oyenera alipo angapo, angathe kusinthana miyezi ingapo aliyense, kuti tsiku la mafunso onse adzakhale atalawako. Ngati mpando ulibe mwini, ulengezedwe, anthu apikisane poyera. Ndipo amene akutsitsidwa aitanidwe, akhale pansi ndi bwana wake, auzidwe zifukwa pamaso, anthu a pa shifiti yake auzidwenso pa perete kuti sanalakwe kanthu. Zimenezi sizifuna bajeti. Alamu anga anaipeza kalata yawo yachiwiri ili pa tebulo, pansi pa buku la malipoti, ndipo anyamata ena anali atamva kale nkhaniyo iwo asanaitsegule.

M'mawa mwake tinakhala limodzi pakhonde kulemba dandaulo lawo. Tinasiya zofuna mpando, popeza kalata yawo sinawalonjeze zimenezo. Tinalemba zinthu ziwiri: alawansi ya miyezi imene sinabwere, ndi pempho lakuti zaka ziwirizo zilembedwe mu faelo yawo kuti zidzawerengedwe mpando wina ukadzapezeka. Anapita kukaonana ndi a bungwe lawo m'tauni, ndipo Lachisanu ndinawaperekeza ku Intercity chifukwa Loweruka anali ndi shifiti ya usiku.

Patapita milungu itatu anandiimbira foni. Anati kunabuka moto pa mashopu ena kumbuyo kwa msika wa kwawoko, ndipo thanki itatsala pang'ono kuuma, Station Officer watsopano uja anawatembenukira n'kufunsa kuti, "A Sub, madzi tikatunga kuti?" Iwo anakwera kutsogolo ndi dalaivala n'kumulondolera ku mpopi wa kuseri kwa chigayo, umene pa mapu a mu ofesi palibe. Anati munthuyo ndi wabwino, ndipo pobwerera anawathokoza pamaso pa onse. Dandaulo lija analipereka, linadindidwa, ndipo kope lake lili mu envulopu ya khaki ija pamodzi ndi nyota. Yankho silinabwere.